Kalata Yotseguka kwa Bwanamkubwa wa Boma la Dedza: Za Zitseko Zotsegukira pa Masitepe

Kabwazi,
Dedza.

Kwa Bwanamkubwa wa Boma la Dedza, pamodzi ndi Wapampando, makhansala ndi mafumu onse okhala m'Khonsolo ya Dedza.

Wolemekezeka Bwana,

Ndayamba ndagwada ndi kuomba m'manja, monga achitira mwana wa pamudzi pofika pabwalo la akuluakulu, pakuti ndidziwa kuti patebulo panu paunjikana nkhani zolemera, za misewu yokumbika, za milatho yokokoloka, za feteleza ndi za mankhwala m'zipatala, kotero kuti wobwera ndi nkhani ya chitseko ndi masitepe angaoneke ngati wadza kudzatayitsa akulu nthawi. Komabe, popeza khomo ndilo malo amene munthu adutsapo m'mawa ndi madzulo masiku onse a moyo wake, kuyambira pokwawa kufikira poyendera ndodo, ndalimba mtima kulemba kalata iyi poyera, kuti inu muiwerenge, amisiri aimve, ndi eni nyumba aisinkhesinkhe. Pempho langa ndi ili: Khonsolo ikhazikitse lamulo lalifupi, ndi kuliphunzitsa m'midzi, lakuti pakhomo lililonse lokhala ndi masitepe pakhale malo athyathyathya oimapo munthu, chitseko chisamatsegukire pa sitepe penipeni.

Makolo athu sanalidziwe vuto limeneli, chifukwa nyumba zawo zinali zapansi. Anali kuzika mitengo, kuphoma dothi ndi kufolera udzu. Khonde linali kukwera pang'ono chabe, kuti madzi a mvula asalowe, ndipo chitseko cha bango kapena cha nsungwi chinali chopepuka, chotsekedwa ndi mpiringidzo, choti ngakhale mwana anali kuchikankha. Wophunthwa pakhomo lotere anali kudzuka, nasasa fumbi, napitiriza ulendo. Koma lero dziko lasintha, ndipo tiyamika Mulungu chifukwa cha kusinthako: ndalama za kachewere, nyemba ndi soya, pamodzi ndi zimene atumiza ana athu a ku Joni, zasanduka nyumba za njerwa zootcha, za malata ndi za simenti, zimene zikongoletsa midzi ya kuno ku Kabwazi, ku Lobi, ku Thete, ku Chimbiya ndi ku Linthipe. Palibe munthu wa nzeru amene angalakelake kubwerera kunyumba yodontha. Koma walira mvula walira matope, ndipo nyumba zatsopanozi zadza ndi ngozi yake imene sitinaikonzekere.

Dziko lathu lino ndi la mapiri ndi zitunda, ndipo malo ambiri omangapo ndi otsetsereka. Mmisiri, pofuna kuti pansi pa nyumba pakhale polingana, akweza maziko a mbali yakumunsi mpaka afika m'mawondo, pena m'chiuno mwa munthu wamkulu. Ndipo popeza mwini nyumba afuna kuti khomo liyang'ane kumsewu, nthawi zambiri khomolo ligwera mbali yomweyo yokwerayo. Masitepe amangidwa pomalizira penipeni, simenti itatsala thumba limodzi, njerwa zitatsala zibenthu, mwini nyumba atatopa ndi kulipira, ndi mmisiri mtima wake uli kale ku ntchito ina. Motero sitepe yoyamba iyambira pachiundo pomwepo, popanda ngakhale popondapo phazi. Ina ikhala yaitali, ina yaifupi. Ina yopapatiza moti chidendene chokha ndicho chikwanapo. Ndipo chogwirira m'mbali palibe. Pambuyo pake, chifukwa cha kuopa akuba, mwini nyumba aitana wowotcherera zitsulo kuti amuikire chitseko chachiwiri cha mabagala. Ndipo popeza chathabwa chitsegukira m'kati, chachitsulocho alibe kwina kochilozetsa koma kunja, pamwamba pa masitepe aja.

Ndikupemphani, Bwana, muime nane pang'ono pakhomo lotere, tione mayi akuchokera kumjigo, ndowa ili pamutu, mwana ali kumsana. Akwera masitepe anayi nafika pa yomalizira, mphuno yake ili pafupi kugunda chitsulo. Dzanja limodzi ligwira ndowa, lina litsegula loko. Ndiyeno kuti chitseko chitseguke ayenera kuchikokera kwa iye mwini, ndipo kuti chimdutse ayenera kufutuka chambuyo, kutsika sitepe imene sakuiona, phazi likufufuza mumlengalenga, madzi akugavira pamutu ndi kunyowetsa pomwe ati apondepo. Achita zimenezi kangapo pa tsiku, ndipo masiku ambiri apulumuka. Koma tsiku limene chitenje chikola chala, kapena mwana wa m'nyumba akankha chitsekocho mothamanga osadziwa kuti amake ali kuseri, ndilo tsiku limene mudzi umva mfuu. Wotuluka naye ali pangozi yomweyo, makamaka mlendo ndi wokalamba: atsegula chitseko usiku, maso ali pa loko, mwendo uyembekeza kupeza pansi polingana ndi pomwe wachokera, koma upeza phompho.

Nyengo ya kwathu kuno iwonjezera pa vutoli. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene nkhungu iphimba zitunda ndipo mame sauma msanga, masitepe a mbali ya mthunzi amera ndere. M'dzinja madzi a padenga la malata, posowa ngalande yowalandira, agwera pa masitepe penipeni, ndipo matope a katondo obwera ndi mapazi asandutsa simenti kukhala poterera koopsa. Amayi athu, pokonda ukhondo, apaka polishi wofiira kuyambira pabalaza mpaka pa sitepe yotsiriza, ndipo mmisiri naye anyadira kusalaza simenti ndi chipande mpaka iwale, osadziwa kuti kuwalako ndiko msampha. Onjezanipo mdima, pakuti nyumba zambiri zilibe nyale ya panja, ndipo munthu wopita kuchimbudzi pakati pa usiku adalira katochi ka pafoni kapena kukumbukira kwa mapazi ake.

Ndinaona ndi maso anga gogo wina wa m'dera lino, mayi wolimba amene anali kulima yekha munda wake wa nyemba, atagwa pakhomo la nyumba yatsopano imene mwana wake anammangira pomthokoza. Anatuluka m'bandakucha atanyamula mbaula, chitseko chachitsulo chinabwerera ndi mphepo nichimgunda paphewa, ndipo anagubuduzika masitepe onse nathyoka fupa la m'chiuno. Anamnyamula pa ngolo mpaka kumsewu, nabwereka ndalama ya galimoto, mwana wake wamkazi anasiya munda nthawi yopalira kukakhala naye kuchipatala, mbuzi zinagulitsidwa, ndipo ngakhale anabwerako wamoyo, sanagwirenso khasu. Chimene chinandipweteka koposa ndi chakuti pamudzi sipanamveke wonena za masitepe: ena anati ndi ukalamba, ena anati tsoka silinunkha, ndipo ena anayamba kunong'onezana maina a abale amene akuti anachitira nsanje nyumba ya malata. Umu ndi mmene kulakwitsa kwa mmisiri kusandukira udani wa pachibale, ndipo masitepe aja akhala chikhalire kudikira wina.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linena kuti anthu pafupifupi 684,000 amafa chaka ndi chaka chifukwa cha kugwa, kuti pa imfa zonse zangozi kugwa kuposedwa ndi ngozi za pamsewu zokha, kuti oposa 80 mwa 100 alionse a iwowa ndi a m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene, ndi kuti ochuluka mwa akufawo ndi opitirira zaka 60. Ngozi ya minibasi ilengezedwa pa wailesi ndipo apolisi afikapo. Koma wogwa pakhomo pake agwa yekha, mwakachetechete, ndipo nkhani yake ithera m'banja. Chifukwa chake ndiopa kuti vuto limeneli lioneka laling'ono kwa olamula, pokhala kuti ovulalawo amwazikana mudzi ndi mudzi, ndipo palibe tsiku limodzi limene aonekera onse pamodzi.

Ndiponso tsopano m'malo a malonda mwayamba kumera nyumba zosanjikiza, sitolo pansi ndi zipinda zogona pamwamba, ndipo m'menemo ngozi ikula kuwirikiza. Eni ake, pofuna kulekanitsa sitolo ndi banja, kapena kutsekereza mphepo yozizira, apachika chitseko pamutu penipeni pa makwerero, kapena patsinde pake; ndipo pena chitseko chotsikira pansi chikhala moyandikana ndi cha kubafa, zofanana maonekedwe, kotero kuti mwana kapena mlendo wodzuka ndi tulo m'maso angatsegule cholakwika. Chitseko cha patsinde nacho chili ndi choopsa chake pa tsiku la moto kapena chivomezi, pamene anthu onse atsika nthawi imodzi. A ku England anaphunzira zimenezi ndi misozi yambiri: pa 16 Juni 1883, mu holo ya Victoria Hall mumzinda wa Sunderland, ana amene anadza kudzaonera masewero anathamangira pansi kukalandira mphatso, napeza patsinde pa makwerero chitseko chotsegukira m'kati, chokhomedwa mwakuti mpata wake unali wodutsa mwana mmodzi yekha, akumbuyo anapitiriza kukankha osadziwa za kutsogolo, ndipo ana 183 anafa mopanikizana. Kuchokera pa maliro amenewo kunabadwa malamulo akuti zitseko zothawira m'nyumba zosonkhanamo anthu zizitsegukira kunja mosavuta. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Sitiyenera kudikira maliro athuathu kuti tiphunzire chimene ena analipira kale ndi ana awo.

Nkhani yoteteza munthu kuti asagwe panyumba si yachilendo kwa ife owerenga Malembo. M'buku la Deuteronomo, mutu 22 ndime 8, womanga nyumba yatsopano alamulidwa kutchinga m'mbali mwa tsindwi lake, kuti mlandu wa mwazi usakhale pa nyumbayo wina akagwa. Ndipo chondigwira mtima m'lamulo limenelo ndi chakuti mlandu suikidwa pa wogwayo, ngati kuti ndiye wosasamala, koma pa womanga amene anasiya malo oopsa. Ndipo buku lachiwiri la Mafumu lisimba za Ahaziya, mfumu ya Israele, amene anagwa kuchokera m'chipinda chake chapamwamba ku Samariya, nadwala osadzukanso. Pakuti kugwa sikuona nkhope, sikusankha mfumu kapena kapolo.

Maiko ena anaika nzeru imeneyi m'miyeso yomveka. Ku South Africa, kumene ana athu ambiri agwira ntchito yomanga, kuli lamulo la zomangamanga la 1977, ndipo ndondomeko zake zotchedwa SANS 10400 zinena kuti chitseko chisatsegukire pa makwerero pokhapokha patakhala malo oimapo, kuti sitepe isatalike kupitirira masentimita 20, ndi kuti popondapo pasachepere masentimita 25. Ku America, malamulo a nyumba zokhalamo amene madera ambiri atsata afuna kuti pakhomo lotulukira pakhale malo oimapo a mainchesi 36, ndiwo masentimita 91, ndipo m'lifupi mwake asachepere chitsekocho. Ku England, chitseko cha patsinde pa makwerero a m'nyumba chiloledwa kutsegukira komweko pokhapokha chikasiya mpata wa masentimita 40 pakati pa icho ndi sitepe yomalizira. Miyeso isiyana pang'ono, koma mtima wake ndi umodzi: munthu asachite ntchito ziwiri nthawi imodzi, kulimbana ndi chitseko ndi kufufuza sitepe. Ndipo chomvetsa chisoni ndi chakuti mnyamata amene ku Johannesburg amanga masitepe oyezedwa bwino, chifukwa woyendera ntchito sangamlole kuchita mwina, akabwera kwawo amangira amake masitepe a maso okha, popeza kuno palibe amene afunsa.

Sindikupemphani chinthu chimene chili kunja kwa mphamvu zanu. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 lipatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo a m'dera lawo. Lamulo la Physical Planning Act la 2016 linafikitsa ntchito yokonza mamangidwe ku dziko lonse, kumidzi komwe, pamene kale inali ya m'matauni ndi malo ena osankhika. Ndipo malamulo athu oteteza anthu aulumali afuna kuti nyumba zotumikira anthu zikhale zofikirika kwa onse. Tili nayonso mbiri yotilimbitsa mtima. Chivomezi cha ku Salima cha mu Malichi 1989 chinagwedeza ndi kuwononga nyumba mpaka kuno ku Dedza. Ndipo chitachitika cha ku Karonga mu Disembala 2009, boma pamodzi ndi mabungwe linakonza malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba, ophunzitsa amisiri a kumudzi za maziko, makoma ndi denga. Ngati tinatha kuphunzitsa mmisiri kumanga khoma loti lisagwere munthu, tingathenso kumphunzitsa kumanga khomo loti munthu asagwepo.

Tsono, Bwana, zimene ndipempha ndi izi. Choyamba, akatswiri a zomangamanga a ku Khonsolo alembe tsamba limodzi lokha, m'Chichewa, lokhala ndi chithunzi, lonena mfundo zochepa zimene mmisiri aliyense angazisunge pamtima: kuti kunja kwa khomo kukhale malo athyathyathya osachepera masentimita 90, kapena kuti mapazi atatu a pa tepi, ndipo ngati chitseko chitsegukira kunja malowo akule kuti munthu aime pambali chitseko chikudutsa, kuti masitepe onse a pakhomo limodzi akhale ofanana msinkhu, osapitirira masentimita 20, ndi popondapo posachepera masentimita 25, kuti masitepe akapitirira atatu pakhale chogwirira, ngakhale cha paipi kapena cha mtengo wa bulugamu, kuti simenti ya pa masitepe isiyidwe yokhakhala, yopendekera kunja pang'ono kuti madzi asaime, ndi kuti m'nyumba yosanjikiza musapachikidwe chitseko pamutu kapena patsinde pa makwerero popanda malo oimapo.

Chachiwiri, Khonsolo iyambe ndi nyumba zake zomwe, pakuti m'mera mpoyamba, ndipo anthu a kumudzi atengera zimene aona pa nyumba za boma. Midadada ya sukulu, nyumba za aphunzitsi, zipatala zazing'ono, mashedi a m'misika ndi zimbudzi zimene zimangidwa ndi thumba la chitukuko la CDF kapena ndalama zina za Khonsolo zisalandiridwe m'manja mwa kontilakitala kufikira woyendera ataima pakhomo, natsegula chitseko, nayeza poimapo. Pa sukulu makamaka, pamene belu likalira ana atuluka onse pamodzi akukankhana, khomo lotsegukira pa masitepe lisaloledwe konse.

Chachitatu, uthenga upite kwa amene agwira chipande ndi makina owotcherera. Nyumba za kuno sizimangidwa ndi makampani olembetsedwa. Zimangidwa ndi amisiri a m'mudzi amene anaphunzira ntchito potumikira amisiri anzawo, anthu aluso ndi omva, amene sanauzidwepo kanthu za nkhaniyi. Aitanidwe tsiku limodzi pa msika uliwonse waukulu, pamodzi ndi akalipentala ndi owotcherera zitseko; bungwe la TEVETA ndi sukulu za ntchito zamanja zipemphedwe kuikapo mtima; alangizi a zaumoyo, amene ayendera kale makomo kuona zimbudzi ndi mipondagiya, aonjezere khomo pa zimene ayang'ana; ndipo mafumu, amene agawa malo ndi kudziwa nyumba iliyonse imene ikukumbidwa maziko, alankhulepo pa misonkhano yawo ndi m'makomiti a chitukuko a m'midzi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ofesi ya pa boma payokha singafike pakhomo lililonse.

Ndidziwa kuti ena adzati anthu ndi osauka, simenti yakwera mtengo, ndipo lamulo latsopano lidzangokhala njira ina yowadyera ndalama. Mantha amenewa ndi oona, ndipo ndicho chifukwa chake ndipempha kuti pa nyumba za anthu wamba lamuloli liyambe monga chiphunzitso, lopanda chindapusa ndi lopanda msonkho, chilango chisungidwire nyumba za malonda, zochititsa lendi ndi zosonkhanamo anthu. Kunena za mtengo, malo oimapo afuna njerwa zowerengeka, dothi lothira m'kati ndi simenti yochepa yokutira pamwamba. Ndipo nthawi zina safuna ndalama konse, koma nzeru yokha ya kuika khomo mbali yakumtunda kumene maziko ali pafupi ndi nthaka, kapena kukhotetsa masitepe kuti atsikire m'mbali mwa khonde m'malo molunjika pachitseko. Amene aona kuti zimenezi ndi zodula awerengere mtengo wa galimoto yopita ku chipatala cha boma ku Dedza, kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe fupa likavuta, ndi wa munda wogonera chaka chathunthu. Enanso adzati chitseko chachitsulo sichingachotsedwe chifukwa akuba achuluka. Ndipo ine sindinena kuti chichotsedwe, koma kuti chipatsidwe malo otsegukira, ndi kokolera kuti mphepo isachibweze, pakuti sikuyenera kuti chitsulo chimene tinagula kuti chititeteze kwa mbala chipundule mwini nyumba.

Nyumba zimene zikumangidwa chilimwe chino zidzaima zaka makumi ambiri, ndipo amene azimanga lero ali ndi mphamvu adzakalambira momwemo, maso atachita chidima ndi mawondo atalema. Kukonza khomo pa nthawi ya maziko ndi ntchito ya tsiku limodzi, koma kuligumula nyumba itatha ndi chinthu chimene ambiri sadzachita. Chifukwa chake ndikupemphani, Bwana, kuti nkhaniyi muiike pa mndandanda wa zokambirana za komiti ya zomangamanga, ndi kuti ifike pa msonkhano wa Khonsolo yonse nyengo youmba njerwa isanathe. Ndipo mukadzatuma akatswiri anu kuno ku Kabwazi kudzaona okha makomo amene ndanenawa, adzapeza amisiri, mafumu ndi eni nyumba okonzeka kuwalandira ndi kuyenda nawo.

Mulungu akupatseni nzeru ndi moyo wautali pa ntchito yotumikira anthu a boma lino.

Ine wanu wodzichepetsa,

Mwana wa m'dera la Kabwazi.